Pabwalo Posesa ndi Miyala ya ku Penpont

Ku Nithsdale, kumwera chakumadzulo kwa Scotland, kulibe tchire. Mlendo akasuzumira pawindo la basi yochokera ku Dumfries kupita ku Thornhill amaona zitunda zobiriwira, nkhosa zili mbuu ponseponse, n'kumati waona chilengedwe chenicheni. Ayang'anitsitse kaye. Chitunda chilichonse adachidula ndi mipanda ya miyala yosanja popanda simenti kapena matope, yokwera mpaka pamwamba penipeni. Mitengo ya paini idadzalidwa m'mizere yowongoka, ndipo chaka chodzaidula chidalembedwa kale m'buku la mwini wake. Udzu ndi waufupi chifukwa nkhosa zakhala zikuudya kuyambira nthawi ya makolo. Ine ndidakulira ku Dedza, kumene ukangoufulatira munda chaka chimodzi, tsekera ndi chisoso zimakhala zalowa ufumu. Dziko lomvera chonchi lidandisowetsa mtendere nditangofika, ndipo mpaka lero sindidalizolowere.

Ntchito yanga nayo ndi yoyezayeza. Ndimayendera okalamba m'makomo mwawo: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kuwaphikira tiyi, kudina pa foni kuti ndafika, kudinanso kuti ndatuluka. Khomo lililonse lili ndi mphindi zake. Mu Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itapitirira kale, ndipo 4 koloko isanakwane kunja kwada bii, moti zambiri za dziko lino ndimaziona ndi nyali za galimoto.

Polowa m'mudzi wa Penpont, makilomita atatu kuchokera ku Thornhill, pakachitunda ka m'busa la nkhosa paima mulu wa miyala wodabwitsa. Pansi ndi wowonda, pakati ndi wonenepa, pamwamba n'kuwondanso, ndipo ukauona umayembekezera kuti mphepo yamawa iugwetsa. Agogo ena aamuna, amene moyo wawo wonse adaweta nkhosa ndi kukonza mipanda, ndiwo adandiuza mwini wake.

"Ndi Andy ameneyo," adatero ine ndikuwamanga nsapato. "Amalandira ndalama pa zimene ifeyo tinkachita pozemba ntchito." Adakhala duu pang'ono, kenaka n'kuwonjezera monyinyirika kuti komabe munthuyo mwala amaudziwa.

Andy Goldsworthy adabadwa mu 1956 ku Cheshire, n'kukulira kufupi ndi Leeds, ndipo ali ndi zaka 13 adayamba maganyu m'mafamu. Wakhala ku Penpont kuyambira m'ma 1980. Mulu uja adaumanga pokumbukira kulowa kwa chaka cha 2000, ndipo uli m'gulu la ntchito zake zokhalitsa. Koma mbiri yake idamveka ndi zina, zimene sizigona usiku. Amatuluka m'mawa chimanjamanja n'kutola zimene wapeza. Masamba oyoyoka amawasanja mozungulira dzenje, ofiira kunja, achikasu m'kati, mtundu ukulowana ndi unzake mosaoneka polumikiza. Ena amawasoka ndi minga kukhala chingwe chachitali n'kuchisiya mumtsinje kuti madzi achiyendetse. Ubweya wa nkhosa wokodwa pa waya amauyala pamwamba pa mpanda. Mvula ikayamba kugwa amagona chagada pamalo pouma n'kudikira, ndipo akadzuka pamatsala thupi lake lojambulika pansi, limene madontho amalifufuta iye asanapukute n'kumaso komwe. Amajambula chithunzi, n'kumapita.

Mu 2001 Mjeremani wina, Thomas Riedelsheimer, adatulutsa filimu ya ntchito zimenezi yotchedwa Rivers and Tides. Muli malo ena m'menemo, ku Nova Scotia m'dziko la Canada, pamene Goldsworthy akugwira ntchito kusanache, zala zili gwa ndi chisanu. Akuluma tindodo ta ayezi ndi mano kuti tifike muyeso umene akufuna, n'kumatimata pathanthwe mpaka titasanduka chingwe chokhotakhota chooneka kuti chikulowa m'mwala n'kutulukira kwina. Dzuwa litatuluka chidawala chonse, ndipo dzuwa lomwelo ndilo lidachithyola. Pena akusanja miyala pagombe nyanja ikubwera. Mulu ukugwa, akuyambanso, ukugwanso, mpaka kanayi, iye ali zyoli pambali pake. Atautsiriza, madzi adafika n'kuumiza wonse. Ataphwa, mulu uja uli chiimire.

Nyanja ya kwathu zimenezi siizidziwa. Ya ku Salima imakwera ndi mvula n'kutsika ndi chilimwe, pang'onopang'ono, kamodzi pachaka. Ya kuno, yamchere, imadzaza n'kuphwa kawiri patsiku chifukwa cha kukoka kwa mwezi. Ku Solway Firth, kumwera kwa Dumfries, imabwerera m'mbuyo mtunda wautali n'kusiya mchenga wokhawokha, ndipo pobwera imabwera mothamanga, kuyamba ndi kudzaza makwawa a kumbuyo kwako iwe ukuyang'ana kutsogolo. Goldsworthy adaphunzira luso lake pa madzi otere. Ali pasukulu ku Lancaster, pakati pa 1975 ndi 1978, ankasiya kalasi n'kupita kumagombe a Morecambe Bay kukapanga zinthu zoti nyanja idzazifufute madzulo. Pa gombe lomwelo, usiku wa pa 5 Febuluwale 2004, Matchaina osachepera 21 adamira akutola tinkhono togulitsa. Ambiri adali ochokera ku Fujian, adali ndi ngongole za ulendo, ndipo ankatumiza ndalama kwawo. Mmodzi adaimbira foni mkazi wake ku China madzi akumukwera. Ine wotumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, nkhani iyi ndi filimu ija sindingazilekanitse. Madzi ake ndi omwewo. Wina amawadikira ndi kamera akudziwa ola lake ndi pothawira pake, wina adatumidwa kumeneko mumdima ndi bwana amene sadawerenge nthawi.

Komabe munthuyu sindingamunyoze, chifukwa zimene amachita ndimazidziwa. Ndidakula nazo.

Amayi amasesa pabwalo kusanayere bwino. Amawerama ndi tsache lalifupi, dzanja lamanzere lili kumsana, ndipo lamanja limapita uku n'kubwerera uko, ulendo uliwonse n'kusiya kauta ka timizere tating'ono kogona pamwamba pa kanzake, ngati mamba a chambo. Amayambira pakhomo, kuzungulira nkhokwe, kudutsa pamtondo, kukathera pamalire ndi bwalo la azakhali, ndipo paliponse pamene phazi lawo laponda tsache limabwerera kukafufuta. Pamene dzuwa likusuzumira kuseri kwa phiri, kuwala kumabwera chogona, kamzere kalikonse n'kukhala ndi kamthunzi kake, bwalo lonse n'kuoneka loluka. Munthu wa m'mudzi mwathu amadziwa amene wasesa pongoona mizereyo. Ya amayi ndi yotakasuka ndi yofanana. Ya mlamu wanga ndi yaifupi, yaphuma. Ya mtsikana wodzutsidwa mokakamiza imapita kulikonse, ndipo azakhali sachedwa kunena. Kenaka nkhuku zimatsika m'chitupa n'kuyamba kupalasa, mbuzi zimatuluka, ana a sukulu amadutsa, ndipo ngati ndi Okutobala kamvuluvulu amamaliza zotsala. Nthawi ya phala isanathe palibe chimene chatsala. Mawa ayambiranso, ndipo achita zimenezi kuyambira ali namwali. Palibe adawatchulapo katswiri, ndipo iwo akadaseka wowatchula chotero. Koma musandiuze kuti cholinga n'kuchotsa zinyalala basi. Zinyalala zimachoka ngakhale utasesa mwachisawawa. Mauta aja ndi owonjezera, ndipo amayi sangalole kuti akhote molakwika ngakhale pa tsiku limene kulibe mlendo.

Chimodzimodzi kuzira. Khirisimasi ikamayandikira amakatapa mtsiro kudambo, kuzira khonde, kukulungiza ndi mwala mpaka lichite kunyezimira, n'kulemba mzere wa katondo m'munsi mwa khoma, akudziwa bwino lomwe kuti mvula yoomba cham'mbali ya mu Januwale iusuka wonse.

Koma ntchito yaikulu kuposa zonse ndi ya khasu. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yodzalira, dziko lonse la Malawi limalembedwa mizere. Alangizi amati pakati pa mzere ndi mzere pakhale masentimita 75, phando ndi phando 25, mbewu imodzi paphando, ndipo pamalo otsetsereka mizere itsate akalozera. Muyeso ndi umodzi, koma mkono uliwonse uli ndi kakhotedwe kake. Ukakhala m'munda momwemo suona kanthu, umangodziwa fumbi, matuza ndi msana. Ukwere phiri la Chongoni mu Okutobala, lupsa litadetsa mapiri, uyang'ane pansi. Minda mazanamazana yagundana, uwu mizere yake yaloza kuno, uwo yaloza uko, ina yazungulira chulu, ina yapatukira mtengo wa mango, ndipo zonse pamodzi zagwirizana mwa njira imene palibe adaikonza. Alimi ake sadakhalepo pansi kupangana. Chaka chamawa timaiphwasula yonse, pamene padali mzere pakhale ngalande, pamene padali ngalande pakhale mzere. Goldsworthy, amene adaphunzira ntchito pafamu, akadaima pamenepo sakadafuna womumasulira.

Palinso gule. Zakudambwe saulula, ndipo ine ndine mkazi. Ndinena zokhazo zimene maso a aliyense amaona pabwalo, ndi zimene ophunzira adalemba kale. Kasiyamaliro amafika usiku kapena mbandakucha, wamtali, msana wopindika, woyera ndi makoko a chimanga, akuzungulira mwaliwiro mpaka fumbi lili koboo, amayi akuimba mothawathawa. Chimkoko chimatenga theka la bwalo chokha. Aliyense woona amadziwa kuti zinthu zotere sizichitika tsiku limodzi. Ndipo mwambo ukatha, malemu ataperekezedwa, zilombozi zimatenthedwa. Si kuti tilibe posungira. Ntchito yake yatha, ndipo chinthu choperekeza wakufa sichingatsale pakati pa amoyo. Ku Mua, kumene bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni mu 1976, kuli zambiri za gule zosungidwa bwino m'nyumba, ndipo UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. N'zabwino zimenezo. Koma amene adaonapo kasiyamaliro akutulukira mu mdima ng'oma zili pakati, amadziwa kuti chosungidwacho n'chikumbutso chabe. Pamenepa makolo athu adalimba mtima kuposa Goldsworthy. Iye amalola madzi kutenga masamba, koma chithunzi amasunga, ndipo zithunzizo ndizo zadzaza mabuku ake ogulitsidwa m'maiko ambiri. Ifeyo tinkatentha osasiya kanthu. Zimene zidatsala kwathu n'zimene zidabisala pansi pa matanthwe, zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za chinamwali ndi za gule, m'malo 127 a ku Chongoni amene adalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zidapulumuka chifukwa mvula siifika pamenepo.

Pali kusiyana kwina kumene kumandiwawa. Mulu wa miyala ukagwa pagombe, mwini wake amausa moyo n'kuyambanso. Mzere ukakokoloka, imeneyo ndi njala. Mu Malichi 2023 ndidali ndikadali kumudzi, tikumvera pa wailesi za namondwe wa Freddy. Phiri la Soche lidatsikira pa Chilobwe usiku. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu miyala yoposa nyumba idayenda pamwamba pa midzi. Anthu oposa 600 adatsimikizika kuti afa, ena oposa 500 sadapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni adasowa pokhala. Akuluakulu adati Napolo wadutsanso, monga adachitira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Madzi saiwala khwawa. Choncho anthu a kuno akamakamba mofatsa za kukongola kwa chinthu chimene madzi akuchitenga, ndimavomera pakamwa, m'mimba mukutentha. N'kosavuta kukonda chisokonezo pamene nsima yako siidalira kuti chikusiye.

Agogo a mipanda aja sadagwirizane nane kwenikweni. Adati mwana wanga, iwe ukuona ngati dziko lino lidagona. Mpanda suima chilili. Chisanu chikalowa pansi nthaka imatupa, ikasungunuka imaphwa, mwala umasuntha pang'ono chaka chino, pang'ono chaka chamawa, tsiku lina upeza pagumuka ndipo nkhosa zili mumsewu. Moyo wawo wonse udali wotseka mipata imene chisanu chatsegula, ndipo mipata ina adaitseka kangapo pamalo amodzimodzi. Kenaka adakamba za 2001, pamene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi adagwira ziweto. Cumbria ndi dera lino la Dumfries and Galloway ndiwo adali m'gulu la okhudzidwa koposa. M'dziko lonse la UK ziweto zoposa 6 miliyoni zidaphedwa, zambiri zosadwala n'komwe, ndipo milu ya mitembo inkayaka m'mabusa masiku ambiri, utsi wake ukulowa m'nyumba. Adandiuza zimenezi akuyang'ana pawindo, tiyi atamuiwala, mphindi zanga za pakhomo pawo zitatha kale. Dongosolo limene ndinkadana nalo pawindo la basi nalonso ndi losesa m'mawa uliwonse, kungoti tsache lake ndi lamiyala. Goldsworthy amadziwa zimenezi. Kuyambira 1996 adagwira ntchito ndi amisiri a mipanda kukonzanso makola akale a nkhosa 46 ku Cumbria, ambiri a iwo atagumuka n'kuiwalika.

Mu 2025 ku Edinburgh kudali chionetsero cha zaka 50 za ntchito yake, m'nyumba ya Royal Scottish Academy, ndipo ndidapitako tsiku lopuma. Pamasitepe olowera adayalapo ubweya wa nkhosa wotoledwa m'mabusa, ukadali ndi utoto umene alimi amaika pozindikira ziweto zawo. Chipinda china pansi ponse padali miyala imene okumba manda a ku Dumfries and Galloway adafukula kuti mitembo ipeze malo. Ndidaganiza za adzukulu a kwathu, amene amadziwa nthaka ya mudzi kuposa mlangizi aliyense, ndipo palibe amawafunsa. Koma chimene chidandigwira ndi khoma lomatidwa ndi dothi lofiira la ku Lowther Hills, mapiri a kumpoto kwa kumene ndimagwira ntchito, litauma n'kung'ambika ming'alu. Azungu ankaima chapatali, manja kumbuyo, kuwerenga kapepala. Ine ndidayandikira mpaka woyang'anira adandiyang'ana. Lidali katondo. Ndidaona khoma la khitchini ya amayi, mbali imene imayang'ana kuzambwe, ndipo manja adandiyabwa kufuna madzi ndi mtsiro kuti ndizire ming'aluyo.

Kumtunda kwa Moniaive, ku Cairnhead, kuli ntchito yake ina yotchedwa Striding Arches, makomo opindika a miyala yofiira oima okha pamwamba pa mapiri atatu, lililonse la miyala 31 yolemera matani 27 yonse pamodzi. Ukaima pa limodzi umaona ena awiri patali. Ofanana nawo adawamanga ku Canada, ku America ndi ku New Zealand, kutsata kumene anthu a ku Scotland adasamukira. Anthu a kuno nawo adali othawa umphawi ndi ofuna mwayi, ndipo ena adafika kwathu kale ife tisanafike kwawo. Joseph Thomson, wobadwira m'mudzi womwewu wa Penpont mu 1858, adaima kumpoto kwa nyanja ya Malawi mu 1879 ali ndi zaka 21. Palibe adamufunsa viza.

Ine adandifunsa, ndipo yanga ili ndi malire ake. Mu Malichi 2024 obwera kudzasamalira okalamba adaletsedwa kubwera ndi mabanja awo, choncho mwana wanga wamkazi adatsala ndi agogo ake. Ndidamusiya akuopa tsache. Pano amayi akuti ndiye amasesa pabwalo, ndipo dzanja lake layamba kukhazikika. Nsapato ndimamutumizira, fizi ndimalipira, mawu ake ndimawamva pa WhatsApp, ndipo kutalika kwake ndimakuona pa zithunzi. Koma mizere yake sindidaionepo. Kodi ndi yotakasuka ngati ya agogo ake, kapena yaphuma? Pankhokwe amazungulira bwanji? Zimenezi zimaoneka kwa amene wadzuka pamalopo, pa ola lake, nkhuku zisanatsike. Kuno ngakhale posesa palibe. Pali phula, kapinga, timiyala tothira, ndipo masamba akayoyoka amawauluza ndi makina aphokoso.

Loweruka lina ndidapempha kuti andijambulire. Foni idali kotchaja kusitolo, ndipo achimwene adabwera nayo dzuwa lili kale pamutu. Mwanayo adasesanso kachiwiri chifukwa cha ine, n'kujambula. Chithunzi chidafika: dothi lotuwa losaoneka kamzere n'kamodzi komwe, mthunzi wa wojambula, ndi mchira wa tambala pakona. Ndidaimba n'kuyamba kulongosola kuti ajambule m'mawa kwambiri, aweramire pansi, dzuwa likhale cham'mbali. Ndidamva amayi akufunsa chapatali kuti kodi akufuna chiyani ameneyo, kenaka adalanda foni.

"Iwe, ukufuna kuona pabwalo? Bwera udzasese."

Adaseka mpaka kutsokomola. Atapuma adati mizere ya kumunda wa kuphiri yatsala theka, aganyu akweza mtengo, ndipo ya feteleza ndisachedwe nayo ngati chaka chatha.